Kuvomereza matenda, imfa ndi ukalamba m'chikhulupiriro cha Chikhristu

Pa maliro ambiri m'Malawi muno, mlaliki asanatsegule n'komwe Baibulo, woyankhulira banja amakhala atanena kale kuti zonse zachitika mwa chifuniro cha Mulungu. Mawu omwewa amamveka m'mawodi a zipatala pamene dokotala wauza abale kuti angomutengera wodwala wawo kunyumba, ndipo amamvekanso pakhonde la gogo amene maso achita mdima ndiponso miyendo yayamba kukana. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu oposa atatu mwa anayi alionse m'dziko muno ndi Akhristu, choncho mawu amenewa ndi amene ambiri a ife timathawirako tikakumana ndi zinthu zimene sitingathe kuzisintha. Chovuta n'chakuti mawu omwewo amene amatonthoza namfedwa wina amatseka pakamwa namfedwa mnzake amene akufuna kulira, amaphimba imfa imene ikanapeweka, ndipo nthawi zina amagoneka wodwala pa mphasa pamene akanayenera kukhala ali pa mzere wa kuchipatala. N'koyenera tsono kufunsa kuti kuvomereza kumene Chikhristu chimaphunzitsa n'kotani, ndipo kumalekezera pati.

Chiphunzitso chakuti moyo wa munthu uli m'manja mwa Mulungu chinafika kuno kudzera m'mipingo yosiyanasiyana, ndipo mpingo uliwonse unachifotokoza mwa njira yakeyake. Mipingo yochokera ku Dutch Reformed, monga Sinodi ya Nkhoma imene ntchito yake inayambira ku Mvera mu 1889, imalemekeza katekisimu wa ku Heidelberg wa mu 1563, amene funso lake loyamba limafunsa za chitonthozo chokha chimene munthu ali nacho pa moyo ndi pa imfa. Yankho lake ndi lakuti munthu sali wa iye mwini koma ndi wa Khristu, thupi ndi mzimu womwe. Katekisimu yemweyo amaphunzitsa kuti thanzi ndi matenda, chilala ndi mvula, sizibwera mwangozi koma zimadzera m'dzanja la Atate. Akatolika amatsindika kusiyana kwa zimene Mulungu amafuna ndi zimene amangozilola, ndipo amati iye sanalenge imfa ndiponso sakondwera ndi kuzunzika kwa munthu, ngakhale amatha kutulutsa zabwino m'zoipa. Mipingo ya Chipentekoste, imene yakula kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1980, imatsindika mphamvu ya Mulungu yochiritsa lero lomwe. Mkhristu wamba amamva ziphunzitso zonse zitatuzi pa wailesi, pa maliro ndi m'maukwati, ndipo zimasakanikirana mumtima mwake popanda womuthandiza kuzilongosola.

Vesi limene limatchulidwa kwambiri pa maliro ndi la pa Yobu 1:21, lakuti "Yehova anapatsa, Yehova watenga, lidalitsike dzina la Yehova." Alaliki ambiri amalekera pomwepo, koma buku la Yobu lili ndi mitu 42, ndipo pofika mutu wachitatu munthu yemweyo akutemberera tsiku limene anabadwa. M'mitu yotsatira amadandaula, amafunsa Mulungu mafunso owawa, ndipo amakana kwamtuwagalu kuvomera mlandu umene sanapalamule. Anzake atatu anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba, pamene anakhala naye pansi osayankhula kanthu poona kukula kwa chisoni chake. Analakwa atayamba kumufotokozera chifukwa chimene akuvutikira, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu anadzudzula iwowo, nanena kuti Yobu wodandaula uja ndiye anayankhula zoona za iye. Munthu amene amawerenga bukuli lonse sangauze namfedwa kuti kudandaula n'kusakhulupirira.

Masalimo ambiri ndi madandaulo, ndipo Salimo 88 limatha popanda mawu alionse a chiyembekezo, komabe linasungidwa m'buku la mapemphero la anthu a Mulungu. Naomi atabwerera ku Betelehemu ataika mwamuna wake ndi ana ake awiri anauza amayi a m'mudzimo kuti amutche Mara, chifukwa Wamphamvuyonse wamuchitira zowawa. Yesu analira pa manda a Lazaro ngakhale ankadziwa kuti amuukitsa. M'munda wa Getsemane anapempha katatu kuti chikho chimupitirire, ndipo mawu akuti kufuna kwa Atate kuchitike anadza pamodzi ndi pempholo, thukuta likugwa. Dongosolo limeneli ndi lofunika kulimvetsa, chifukwa limasonyeza kuti munthu amafika pa kuvomereza atadutsa m'kupempha ndi m'kulira, ndiponso kuti mawu ovomerezawo amawanena ndi mwini wake wovutikayo, nthawi yake ikakwana. Munthu wina akamukakamiza kuwanena tsiku loyamba la maliro, amakhala akumuumiriza kunena zimene mtima wake sunafikepo. Paulo, polembera Atesalonika, sanawaletse kulira. Anawauza kuti asalire monga anthu opanda chiyembekezo.

Pa mfundo imeneyi mwambo wa makolo athu unali ndi nzeru zimene alaliki ena amaziphonya. Maliro n'kulirana, ndipo anthu amagona pa siwa, amayi m'nyumba pamodzi ndi namfedwa, abambo panja pa moto, kwaya ikuimba mpaka mbandakucha. Adzukulu amakumba manda, ena amatunga madzi, ena amapereka chipepeso, ndipo woferedwa sasiyidwa yekha ngakhale kwa ola limodzi. Mpingo unalowa m'mwambo umenewu n'kuukometsa ndi nyimbo ndi Mawu. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chizolowezi chouza ofedwa, makamaka abambo, kuti alimbe mtima ndipo asagwetse misozi chifukwa malemuwo ali ku malo abwino. Chisoni chimene chaletsedwa pa siwa sichitha, ndipo chimadzatulukira kwina, m'mowa, m'kusagona tulo ndi m'kukwiya kosadziwika chifukwa chake.

Chopinga chachikulu pa kuvomereza ndi funso lakuti ndani wachititsa. M'maganizo a ambiri munthu safa chabe, ndipo matenda akatenga nthawi pamafunika kupeza mwini wake. Mayankho amene amaperekedwa ndi atatu: wina walodza, wodwalayo anachimwa, kapena chikhulupiriro chake n'chochepa. Mayankho onsewa amafanana pa chinthu chimodzi, chakuti amapeza munthu woti aimbidwe mlandu. Yesu anafunsidwa funso lomweli pa Yohane 9, ophunzira ake ataona munthu wosaona chibadwire, ndipo anayankha kuti sanachimwe iyeyo kapena makolo ake. Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nanena kuti sanali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Kuvomereza kwa Chikhristu kumayambira pamenepa, pa kuleka kusaka wolakwa kuti mphamvu zonse zipite pa kusamalira wodwala.

Dziko lathu linaphunzira zimenezi movutikira pa nthawi ya Edzi. Matendawa anapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo kwa zaka zambiri panali maguwa amene ankalalikira kuti ndi chilango cha Mulungu pa achiwerewere, pamene m'mabenchi munali amayi amene anatengera kachilombo kwa amuna awo a ukwati woyera, ndi ana amene anabadwa nako. Anthu ankafa mobisa, ndipo pa maliro ankangoti malemu adwala nthawi yaitali. Kenneth Kaunda wa ku Zambia anaulula poyera mu 1987 kuti mwana wake anamwalira ndi Edzi, ndipo Bakili Muluzi ananena zomwezo za mchimwene wake mu 2004, koma pakati pa zaka zimenezi mantha anali aakulu kotero kuti mu 1995 anthu zikwi mazanamazana anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, amene ankati anaonetsedwa mankhwalawo kumaloto. Anthuwo sanali opusa. Anali ndi abale amene ankafota iwo akuona, ndipo chipatala chinalibe chowapatsa.

M'zaka zomwezo mipingo inasonyezanso mbali yake ina. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika ndi a m'miphakati ya Chikatolika ankayenda m'makomo kusambitsa odwala amene abale awo ankawaopa, kuwaphikira phala ndi kuwachapira zofunda. Ntchito yosamalira odwala kunyumba inakhazikika kwambiri kudzera m'madayosizi ndi m'masinodi. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, anthu amene anali atalembedwa kale m'gulu la akufa anadzuka n'kubwerera kumunda. Lero anthu pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko muno ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ambiri a iwo amadziwa mtundu wa kuvomereza umene sukambidwa pa guwa: kuvomera zotsatira za magazi, kuuza mwamuna kapena mkazi wako, ndi kumwa mankhwala tsiku lililonse kwa moyo wonse. Munthu amene wakana kuvomera kuti ali ndi kachilombo ndiye amene amafa msanga.

Apa ndi pamene nkhani ya mapemphero a machiritso imalowera, ndipo imafuna kuikamba mosamala chifukwa ikukhudza chinthu chimene Akhristu onse amachikhulupirira. Kalata ya Yakobo imalamula kuti wodwala aitane akulu a mpingo kuti amupempherere ndi kumudzoza mafuta. Akatolika ali ndi sakramenti la kudzoza odwala, limene kuyambira pa msonkhano waukulu wa maepiskopi wotchedwa Vatican wachiwiri limaperekedwa kwa aliyense wodwala kwambiri kapena wofooka ndi ukalamba, ngakhale anthu ambiri amaopabe kuitana wansembe poganiza kuti akabwera ndiye kuti imfa yafika. Kupempherera wodwala kuti achire ndi udindo wa mpingo, ndipo palibe chifukwa chochitira nawo manyazi. Cholakwika chimabwera pamene wolalikira alonjeza machiritso ngati kuti Mulungu ali ndi ngongole, n'kuuza wodwala kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro. Ogwira ntchito m'zipatala amawadziwa anthu otere, amene amasowa kwa miyezi ingapo atauzidwa kuti achira, kenako n'kubwera atanyamulidwa. Wodwalayo akapanda kuchira amasenza katundu wachiwiri, woti iyeyo ndiye walephera kukhulupirira, ndipo amamwalira akudziimba mlandu pamaso pa Mulungu amene akanayenera kukhala chitonthozo chake.

Malemba sagwirizana ndi chiphunzitso chimenechi. Paulo, amene anachiritsa anthu ambiri, anapempha katatu kuti munga wa m'thupi lake uchoke, ndipo yankho limene analandira linali lakuti chisomo cha Ambuye chikumukwanira. Anasiya Trofimo ku Mileto akudwala, analangiza Timoteo za vuto lake la m'mimba limene linkamugwira kawirikawiri, ndipo ankayenda ndi Luka amene ankamutcha sing'anga wokondedwa. Nkhani ya mfumu Hezekiya pa 2 Mafumu 20 imasonkhanitsa zonsezi pamodzi. Mneneri Yesaya anamuuza kuti akonze za pa nyumba yake chifukwa amwalira, iye anatembenukira kukhoma n'kulira kwambiri, Mulungu anamuonjezera zaka 15, ndipo mneneri yemweyo analamula kuti aike nkhuyu pa chithupsa chake. Kukonzekera imfa, pemphero ndi mankhwala zonse zili m'ndime imodzi popanda kulimbana. Amishoni amene anamanga zipatala za Nkhoma, Mulanje Mission, Malamulo, Likuni, Ekwendeni, St Luke's ku Malosa ndi Holy Family ku Phalombe ankamvetsa chimodzimodzi, ndipo mpaka lero zipatala za mipingo zimene zili pansi pa bungwe la CHAM zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi.

Pali matenda ena amene ngakhale chipatala chimafika povomera kuti sichingawachize. Odwala khansa ambiri kuno amafika kuchipatala matenda atafalikira kale, ndipo kwa nthawi yaitali mawu akuti palibenso chochita ankatanthauza kuti munthu akabuule kunyumba mpaka imfa. Maganizo amenewa anayamba kusintha chifukwa cha ntchito ya Cicely Saunders, Mkhristu wa mpingo wa Anglican amene anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967. Iye ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu amene ali pafupi kumwalira ndi wa thupi, wa maganizo, wa pa banja ndi wa mzimu, ndipo zonsezi zimafuna chithandizo. Dokotala Anne Merriman anabweretsa ntchitoyi ku Uganda mu 1993 pogwiritsa ntchito mofini wakumwa wotsika mtengo, amene ndi mankhwala amphamvu ochepetsa ululu. Kuno kwathu kuli chipatala cha Tiyanjane ku Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, kuli Ndi Moyo ku Salima imene anayambitsa namwino Lucy Finch, kuli bungwe la PACAM lolimbikitsa chisamaliro cha odwala amene sangachire, ndipo mu 2014 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya chisamaliro chotere.

Akhristu ena amakayikira mofini poganiza kuti amafulumizitsa imfa, kapena kuti kupirira ululu ndi njira yosenzera mtanda. Mofini woperekedwa pa muyezo woyenera ndi anthu ophunzitsidwa sapha munthu, ndipo amamulola kugona, kudya, kupemphera ndi kuyankhula ndi ana ake. Papa John Paul II, amene analemba kalata yaitali ya tanthauzo la kuvutika mu 1984 ndipo anakhazikitsa 11 February kukhala tsiku lokumbukira odwala, anaphunzitsa kuti Mkhristu angathe kulumikiza masautso ake ndi a Khristu. M'kalata yomweyo anatsindika za Msamariya wachifundo, amene anathira mafuta ndi vinyo pa mabala a munthu wovulazidwa uja. Wodwala mwini angasankhe kupereka ululu wake kwa Mulungu, koma amene aima pambali pa bedi alibe ufulu womusankhira zimenezo pamene mankhwala ochepetsa ululu alipo.

Nkhani yovuta kwambiri pa nthawi imeneyi ndi ya kunena zoona. Mabanja ambiri amapempha dokotala kuti asamuuze wodwala kukula kwa matenda ake poopa kuti ataya mtima, ndipo abale a mumpingo akabwera kudzazonda amangonena kuti achira ndithu. Wodwalayo nthawi zambiri amakhala akudziwa kale, chifukwa thupi ndi lake, koma amanamizira kusadziwa pofuna kuteteza abale ake, moti aliyense amakhala yekhayekha ndi mantha ake m'nyumba imodzi. Pa nthawi yomweyo banja limagulitsa mbuzi, njinga, ngakhale munda, kuthamangira kwa asing'anga ndi kwa aneneri, ndipo munthuyo akamwalira ana amatsala opanda chakudya ndiponso opanda fizi. Kuvomereza pa nthawi yake kumapereka mpata woti munthu apepese amene anawalakwira, akhululukire amene anamulakwira, adalitse ana ake, ndi kunena momveka bwino za nyumba ndi munda. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaletsa kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana, koma lamulo limagwira bwino ntchito pamene malemu anasiya wilo. Kulemba wilo si kuitana imfa, ndipo abusa akanamaphunzitsa zimenezi momasuka, milandu yambiri ya pambuyo pa maliro ikanachepa.

Tisaiwalenso wodwazika, amene kawirikawiri amakhala mayi, mlongo kapena mwana wamkazi amene wasiya sukulu. Magadiyani a m'zipatala zathu amagona pansi, amaphika panja, amachapa ndi kutembenuza wodwala usiku wonse, ndipo akatopa n'kulakalaka kuti zonsezi zithe amadziona ngati ochimwa. Kutopa kwawo si tchimo. Mpingo umene umapempherera wodwala koma osatumiza munthu wokalandira wodwazikayo kwa usiku umodzi wachita theka lokha la ntchito yake.

Pali imfa zina zimene mawu akuti ndi chifuniro cha Mulungu sayenera kunenedwa mofulumira. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri pa dziko lonse, chonsecho khansa imeneyi imapeweka ndi katemera wa atsikana ndipo imachizika ikapezeka msanga poyezetsa. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700, ndipo gwero lake ndi madzi osatetezeka ndi kusowa kwa zimbudzi. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola anthu ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ambiri a iwo okhala m'mphepete mwa mapiri ometedwa mitengo chifukwa umphawi sunawasiyire malo ena. Mayi akamwalira pobereka chifukwa ambulansi inalibe mafuta, banja lake liyenera kuvomereza kuti wapita ndipo sabweranso, koma mudzi ndi mpingo siziyenera kuvomereza kusowa kwa mafutako. Aneneri a m'Chipangano Chakale ankakhulupirira ulamuliro wa Mulungu kuposa ife, komabe sanaleke kudzudzula mafumu chifukwa cha amasiye ndi osauka. Maepiskopi a Chikatolika nawonso, m'kalata yawo ya mu March 1992 imene inagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi, anakambamo za kuperewera kwa chithandizo m'zipatala. Kutchula dzina la Mulungu pofuna kuphimba ulesi kapena kuba kwa anthu ndi kutchula dzinalo pachabe.

Maliro akatha anthu amabalalika, ndipo chisoni chenicheni chimayamba sabata yachiwiri kapena yachitatu, pamene mahema achotsedwa ndipo namfedwa watsala ndi zovala za malemu. Mipingo yathu ndi yamphamvu pa tsiku loika maliro koma ndi yofooka pa mwezi wachisanu ndi chimodzi. Anthu amayembekezera kuti pofika nthawi yoika chiliza munthu akhale ataiwala, chonsecho kholo limene laika mwana silifika poiwala, limangophunzira kuyenda ndi balalo. Davide, mwana wake atamwalira, anadzuka, nasamba, nadya, nanena kuti iye adzapita kwa mwanayo koma mwanayo sadzabwerera kwa iye. Davide yemweyo analira Abisalomu mofuula mpaka ankhondo ake anachita manyazi. Munthu mmodzi anali ndi njira ziwiri zolirira, ndipo Malemba sanamuikire tsiku lomalizira chisoni chake.

Ukalamba ndi wosiyana ndi matenda ndi imfa chifukwa umabwera pang'onopang'ono ndipo aliyense amaupempha kwa Mulungu, komabe ukafika ambiri amaukana. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Mmalawi wobadwa kumene ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosakwana 50, koma tsopano zakazo zapitirira 60, ndipo izi zikutanthauza kuti mabanja ochuluka akukumana ndi BP, shuga, sitiroko, ng'ala ndi kuiwala kwa ukalamba. Agogo a lero ndi omwe aja anaika ana awo pa nthawi ya Edzi n'kulera zidzukulu ndi khasu, ndipo ambiri afika pofooka alibe penshoni, kupatula ochepa amene amalandira Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene inayambira ku Mchinji mu 2006. Timanena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma zimene zimachitika m'midzi ina zimatsutsa mwambiwo. Mu January 2016 anthu anayi okalamba a m'banja limodzi anaphedwa ku Neno powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Bungwe la MANEPO, limene limayankhulira okalamba, lakhala likudandaula chaka ndi chaka za kuphedwa ndi kuzunzidwa kwa anthu achikulire pa milandu ya ufiti. Lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba, koma amene amagenda agogowa amakhala anthu a m'mudzi momwemo, ambiri a iwo obatizidwa.

Kugwirizana kwa nkhani imeneyi ndi kuvomereza n'koonekeratu. Mudzi umene sungavomereze kuti mwana angamwalire ndi malungo kapena mphenzi umafunafuna woti umusenzetse imfayo, ndipo umasankha munthu amene alibe womuteteza. Matenda a kuiwala amaonjezera ngoziyi, chifukwa gogo amene ubongo wake wafooka amatha kutuluka usiku osavala, kusochera mpaka kumanda, kuyankhula ndi anthu amene anamwalira kale, ngakhale kuvomera kuti ndi mfiti akafunsidwa mwaukali. Zimenezi ndi zizindikiro za matenda a ubongo amene amapezeka m'mayiko onse. Mbusa amene amatcha gogo wotere kuti ndi wogwidwa ndi ziwanda pamaso pa mpingo amakhala wasainira chilango cha gogoyo, ndipo mlaliki amene amauza achinyamata kuti umphawi wawo ukuchokera kwa agogo awo a kumudzi ayenera kudziwa kuti mawu ake amafika pa khomo la munthu weniweni.

Wokalamba mwini alinso ndi ulendo wake wa kuvomereza, ndipo ndi wowawa makamaka kwa amene anazolowera kupatsa ndi kulamula. Mkulu wa mpingo amene ankaweruza milandu amafika posamva zimene zikunenedwa pa msonkhano, ndipo mayi amene analera mudzi wonse amafika posambitsidwa ndi mpongozi wake. Malemba sabisa zimenezi. Mutu 12 wa Mlaliki umalongosola kunjenjemera kwa manja, kutha kwa mano ndi kuchita mdima kwa maso mwa mafanizo. Barizilai, ali ndi zaka 80, anakana kupita kukakhala ku nyumba ya mfumu Davide ponena kuti samvanso kukoma kwa chakudya kapena mawu a oimba, ndipo anapempha kuti ulemuwo upite kwa wachinyamata, iye akafere kwawo pafupi ndi manda a makolo ake. Yesu anauza Petro kuti akadzakalamba adzatambasula manja ake ndipo wina adzamumanga m'chiuno n'kupita naye kumene safuna. Wolemba Salimo 71 anapempha kuti Mulungu asamutaye mu ukalamba wake, ndipo pa Yesaya 46 Mulungu amalonjeza kunyamula anthu ake kufikira imvi. Chiphunzitso chakuti munthu amapulumutsidwa mwa chisomo, osati chifukwa cha ntchito zake, chimayesedwa kwenikweni pa nthawi imeneyi, pamene munthu sangathenso kulima, kupereka chakhumi kapena kuyenda kupita ku tchalitchi, koma akadali chifaniziro cha Mulungu monga analili ali ndi mphamvu.

Mipingo yambiri ili ndi magulu a achinyamata, a amayi ndi a abambo, koma ndi yochepa imene ili ndi kaundula wa akhristu ake amene anasiya kubwera chifukwa cha ukalamba. Akatolika ali ndi atumiki opititsa Ukaristia kwa odwala m'makomo, ndipo m'mipingo ya CCAP abusa ndi akulu a mpingo amakaperekera mgonero kunyumba kwa ofooka, koma pamene mbusa mmodzi akuyang'anira mipingo ingapo, gogo amatha chaka osayenderedwa. Dera lililonse la mpingo, kaya ndi mphakati kaya ndi chigawo cha mkulu wa mpingo, lingathe kudziwa mayina a okalamba ake, kudziwa amene akugona m'nyumba yodontha, amene mankhwala ake a BP atha, ndi amene anthu ayamba kumunong'oneza za ufiti, kuti mfumu ndi apolisi adziwitsidwe mphekeserazo zisanafike pa miyala ndi zikwanje.